Kodi woimba gitala bwino angathe kuphunzitsa ena? Chitsanzo cha Francisco Tárrega

Funso: Ndakhala ndikuimba gitala m'kwaya ya kutchalitchi kwathu kuyambira ndili mnyamata, ndipo ndinaphunzira pongoonera anzanga. Tsopano makolo angapo akundipempha kuti ndiziphunzitsa ana awo, iwo azindilipira. Kodi ntchito ya mphunzitsi wa gitala imakhala yotani, kodi munthu angaidalire pa moyo wake, ndipo alipo mphunzitsi wodziwika amene ndingatengerepo chitsanzo? Ndine wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Bambo, kuimba ndi kuphunzitsa ndi maluso awiri osiyana. Woimba amatchera khutu ku nyimbo imene ikutuluka m'manja mwake, pamene mphunzitsi amaika maso ndi makutu pa manja a munthu wina, kufunafuna chimene chikulepheretsa nsambo kulira bwino. Luso loyambalo muli nalo kale. Lachiwirili silibwera lokha chifukwa choti munthu wakhalitsa m'kwaya, ndipo kawirikawiri amene anaphunzira mosavuta ndi amene amavutika kwambiri kufotokoza zimene zala zawo zimachita, popeza sanayambe aima kuti aziganizire. Poti mwapempha chitsanzo, ndikupatsani Francisco Tárrega wa ku Spain. Dzinali mwina ndi lachilendo kwa inu, koma nyimbo yake munaimva kambirimbiri, chifukwa kanyimbo kamene mafoni a Nokia ankalira nako kanatengedwa mu Gran Vals, nyimbo imene iye anapeka mu 1902.

Tárrega anabadwa pa 21 Novembala 1852 m'tauni ya Villarreal, m'chigawo cha Castellón, kum'mawa kwa Spain. Ali wamng'ono anagwera mu ngalande yothirira minda ndipo maso ake anawonongeka. Bambo ake, poopa kuti mwanayo adzasiyiratu kuona, anamutumiza kukaphunzira zoimbaimba, chifukwa m'masiku amenewo imeneyi inali imodzi mwa ntchito zochepa zimene munthu wosaona akanapezera chakudya. Aphunzitsi ake awiri oyamba, Eugeni Ruiz ndi Manuel González, anali osaona. Mu 1862 katswiri wa gitala Julián Arcas anamumva akuimba ndipo anapempha kuti mwanayo apite ku Barcelona akamuphunzitse, koma maphunzirowo sanapite patali chifukwa Arcas ananyamuka ulendo wokaimba kunja. Mnyamata wa zaka 10 uja anayamba kuimba m'nyumba zomwera khofi ndi m'malesitilanti mpaka pamene anabwezedwa kwawo.

Mu 1874 analowa sukulu yaikulu ya nyimbo ya ku Madrid, kumene anaphunzira piyano ndi kapekedwe ka nyimbo. Sanaphunzireko gitala, chifukwa pa nthawiyo akuluakulu a zoimba ankaiona ngati chida chongothandizira woimba pakamwa, choyenera m'malo omwera mowa. Sukuluyo inadzakhala ndi pulofesa wa gitala mu 1935, pamene Regino Sainz de la Maza anapatsidwa udindowo. Komabe Emilio Arrieta, mmodzi wa aphunzitsi ake, atamumva akuimba gitala anamulangiza kuti aiwale za piyano aike mtima wonse pa gitalayo. Chida chimene chinamuthandiza chinali gitala yopangidwa ndi Antonio de Torres, mmisiri amene anakulitsa thupi la gitala, kupepuza thabwa lapamwamba ndi kukhazikitsa kutalika kwa nsambo pa masentimita pafupifupi 65, muyeso umene magitala ambiri a nsambo za nayiloni akutsatabe lero. Gitala ya Torres inkalira mokweza ndi mozama kuposa zakale, ndipo Tárrega anayamba kusamutsira pa iyo nyimbo za Beethoven, Chopin ndi Mendelssohn, komanso za mnzake Isaac Albéniz, zimene zinalembedwera piyano.

Tsono taonani mmene munthuyu ankapezera ndalama, chifukwa apa ndi pamene pali yankho la mbali yachiwiri ya funso lanu. Tárrega anali katswiri woposa onse m'dziko lake pa nthawiyo, anakaimbapo ku Paris ndi ku London, koma sankadya kuchokera m'thumba limodzi. Ankaphunzitsa kunyumba kwake, ankayenda m'matauni kukachita makonsati, ankagulitsa nyimbo zake kwa osindikiza, ndiponso ankathandizidwa ndi anthu olemera amene ankakonda kaimbidwe kake, monga dokotala wa ku England, Walter Leckie. Anakhazikika ku Barcelona mu 1885. Mu Januwale 1906 anadwala matenda opha ziwalo amene anagwira mbali ya kumanja ya thupi lake, ndipo popeza woimba wosagwira chida alibe malipiro, banja lake linalowa m'mavuto a ndalama mpaka anzake anachita kumukonzera makonsati olipira kuti apezeko thandizo. Anadziphunzitsanso kuimba pang'onopang'ono nabwerera pamaso pa anthu, koma mphamvu zakale sizinabwerere zonse, ndipo anamwalira pa 15 Disembala 1909 ali ndi zaka 57.

Chodabwitsa n'chakuti munthu amene amatchedwa tate wa kaimbidwe kamakono ka gitala ya nayiloni sanasindikize buku lophunzitsira gitala. Chimene anasiya ndi ophunzira, pamodzi ndi tinyimbo tatifupitifupi ndi zoyeserera zala, zambiri zolembedwa pamanja, zimene ankapatsa wophunzira malinga ndi vuto lake. Pa mapepala akewo ankalemba mosamala kwambiri chala chimene chiyenera kugwira noti iliyonse ndiponso nsambo imene notiyo iyenera kulirira, chifukwa pa gitala noti imodzi imapezeka pa malo angapo ndipo malo alionse ali ndi kamvekedwe kake. Wophunzira wake Emilio Pujol, amene analemba mbiri ya moyo wake, anafotokoza kuti Tárrega mwiniwakeyo ankagawa tsiku lake m'maola oyeserera zala, wotchi ili patebulo, ngakhale pamene anali atatchuka kale. Mfundo imeneyi ndimaiona yofunika kwa mphunzitsi aliyense, chifukwa amene wasiya kuyeserera amaiwala msanga mmene chinthu chovuta chimamvekera m'zala, ndiye amayamba kupsera mtima ana amene akuchedwa kugwira.

Pa ophunzira ake, awiri ndi amene ndikufuna muwaganizire bwino. Miguel Llobet, wobadwa mu 1878, ananena kuti maphunziro ake ndi Tárrega sanatsate ndondomeko yolembedwa: ankaonerera mphunzitsiyo akuimba, kenako n'kukayesa yekha kunyumba. Pujol, wobadwa mu 1886, anali wofuna kudziwa chifukwa cha chinthu chilichonse, ndipo ndiye anadzasonkhanitsa mfundo za mphunzitsi wake m'mabuku anayi otchedwa Escuela Razonada de la Guitarra, loyamba mu 1934 ndipo lomaliza mu 1971. Anthu awiriwa anasiyananso pa nkhani ya zikhadabo. Cha m'ma 1902 Tárrega anawenga zikhadabo za dzanja lamanja n'kuyamba kukhudza nsambo ndi mnofu wa nsonga za zala, pofuna mawu ofewa ndi odzaza. Pujol anamutsatira ndipo anateteza njirayo moyo wake wonse, pamene Llobet anapitiriza kuimba ndi zikhadabo. Onse awiri anakhala akatswiri ndiponso aphunzitsi a ena: Llobet anaphunzitsa María Luisa Anido wa ku Argentina, ndipo Pujol anaphunzitsa zaka zambiri ku Lisbon. Mkanganowo unadzatha wokha pambuyo pake, pamene Andrés Segovia, amene sanali wophunzira wa Tárrega, anatchukitsa kuimba ndi zikhadabo m'maholo akuluakulu, ndiponso pamene nsambo za nayiloni zinalowa m'malo mwa za matumbo a nkhosa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940.

Chimene ndimatengapo pa nkhani ya awiriwa n'chakuti mphunzitsi mmodzi anatulutsa anthu awiri oimba mosiyana, ndipo palibe amene anganene kuti mmodzi wa iwo analephera. Inunso mudzalandira mwana amene amagwira msanga mukangomuonetsa, amene mawu ambiri amamusokoneza, ndiponso wina amene sasuntha chala mpaka mutamuuza chifukwa chake. Popeza inu munaphunzira poonera, mudzakhala womasuka ndi woyambayo ndipo wachiwiriyo mudzamuyesa wochedwa, pamene vuto lili pa mafotokozedwe anu. N'chifukwa chake musanalandire wophunzira ndi mmodzi yemwe, khalani pansi ndi gitala yanu, imbani pang'onopang'ono nyimbo imene mumaidziwa bwino, ndipo yesani kunena mokweza chimene chala chilichonse chikuchita. Mudzapeza zinthu zimene mwakhala mukuchita zaka zonsezi osazidziwa, monga zala zimene zimatsala pamalo pake mukamachoka pa kodi ya C kupita pa ya Am (kodi ndi manoti angapo olira pamodzi, ndipo iliyonse ili ndi dzina lake lachilembo), ndipo zimenezo ndiye katundu amene mudzagulitse.

Tsiku loyamba la maphunziro liyambe ndi gitala ya mwanayo, osati ndi mwanayo. Ana ambiri amene amasiya m'mwezi woyamba amasiya chifukwa cha chida chopweteka, koma makolo amangoti mwana alibe mphatso. Yang'anani mpata umene uli pakati pa nsambo ndi kachitsulo ka freti ya 12 (mafreti ndi tizitsulo topingasa pa khosi la gitala, towerengedwa kuyambira kumutu). Pa gitala ya nsambo zachitsulo mpatawo uyenera kukhala mamilimita 2 kapena 3, pa ya nayiloni 3 kapena 4, ndipo ukaposa pamenepo kwambiri mwana adzakanikiza mpaka zala kutuluka matuza koma mawu osamveka. Nthawi zambiri mankhwala ake ndi osavuta: masulani nsambo, chotsani kafupa koyera kamene nsambo zimatsamirapo pa thupi la gitala, ndipo kapaleni pansi pake ndi sandipepa mosakhotetsa. Mukachotsa milimita imodzi pa kafupako, mpata wa pa freti ya 12 umatsika ndi theka la milimita, choncho palani pang'onopang'ono n'kumayesa. Musalole kuti munthu amange nsambo zachitsulo pa gitala yopangidwira nayiloni, chifukwa zimakoka ndi mphamvu pafupifupi kuwirikiza kawiri ndipo zimatha kuzula pomangira nsambo kapena kupinda khosi la gitala. Mwana wamng'ono, amene dzanja lake silifika bwino kumutu kwa gitala yaikulu, amafunika gitala yocheperako, ndipo ndi bwino kuuza makolo zimenezi asanagule.

Gitala ikakhala bwino, ndiye muyang'ane manja. Zikhadabo za dzanja logwira makodi zikhale zowengedwa mpaka pansi. Chala chachikulu chikhale kumbuyo kwa khosi la gitala, ndipo nsonga ya chala igwere pafupi ndi kachitsulo ka freti, kumbuyo kwake pang'ono, osati pamwamba pake kapena patali. Pali kachiyeso kamodzi kamene kamatsegula mwana maso: muuzeni aike chala pa nsambo osakanikiza, aimbe nsamboyo ikumveka yakufa, kenako awonjezere mphamvu pang'onopang'ono mpaka notiyo imveke bwino, aime pomwepo. Ambiri amadabwa kuona kuti mphamvu yofunika ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene amagwiritsa ntchito. Yang'ananinso phewa, chifukwa mwana akavutika ndi kodi amakweza phewa ndi kugwira mpweya, ndipo kulimba kumeneko kumatsikira m'dzanja. Kupweteka kwa nsonga za zala m'masabata oyamba n'kwachibadwa ndipo kumatha khungu likalimba, koma kupweteka kwa m'mfundo za dzanja kapena pachigongono ndi chizindikiro chakuti kagwiridwe kalakwika, ndipo pamenepo muyenera kumuimitsa.

Pa dongosolo la zophunzira, musayambe ndi kodi ya F imene imafuna kuti chala chamkombaphala chigone pa nsambo zonse 6, chifukwa pamenepo ndi pamene oyamba kumene ambiri amagwera mphwayi. Yambani ndi Em ndi Am, kenako D, G ndi C, ndipo kumbukirani kuti chovuta si kugwira kodi koma kuchoka pa ina kupita pa inzake nthawi isanathe. Muuzeni mwana kuti dzanja lamanja lisaime ngakhale lamanzere litachedwa, popeza kwaya sidikira woimba gitala. Pafoni pali mapulogalamu aulere ochunira gitala ndi owerengera nthawi. Yambani pa kugunda 60 pa mphindi, ndipo musakweze liwiro mpaka mwanayo atadutsa malo ovutawo kangapo motsatizana osaphonya. Koma pa kuchuna, muphunzitseninso kugwiritsa ntchito khutu lake, kufananitsa nsambo ina ndi inzake pa freti ya 5, kupatula nsambo yachitatu imene imagwidwa pa freti ya 4, chifukwa khutu lozolowera kusiyanitsa mawu lidzamuthandiza pa zonse zimene adzaimbe.

Zindikiraninso kuti mwanayo mudzakhala naye ola limodzi kapena theka lake pa sabata, ndipo masiku ena onse adzakhala yekha. Ntchito yanu yeniyeni ndi kukonza zimene adzachite inu kulibe. Apa ndi pamene chizolowezi cha Tárrega cholembera wophunzira kanthu kake kakafupi chili chothandiza kwambiri. Mwana aliyense akhale ndi kope, ndipo pomaliza phunziro mulembemo zinthu ziwiri kapena zitatu zokha, zomveka bwino, monga kusintha kuchoka pa G kupita pa D mobwerezabwereza kwa mphindi zitatu. Mphindi 15 tsiku lililonse zimapindula kuposa maola awiri Loweruka lokha, chifukwa zala zimaphunzira ngati njira ya kumunda, imene imaoneka chifukwa choyendamo tsiku ndi tsiku. Mwana akabwera asanayeserere musamukalipire. Funsani kumene gitala imakhala kunyumba, chifukwa nthawi zina imakhala yotsekeredwa m'chipinda cha makolo poopa kuti ana aiwononga.

Pali malo amodzi pamene ndikukuchenjezani kuti musamutsate Tárrega mwachimbulimbuli. Kakhalidwe kamene ophunzira ake anafalitsa, kokhazika gitala pa ntchafu yamanzere phazi lili pa kampando kakang'ono, ndiponso koimba ndi zala zinayi za dzanja lamanja, kanapangidwira nyimbo za mtundu wake. Kuno kwathu kuli kaimbidwe kena kozama, ka chala chachikulu ndi chamkombaphala chokha, kamene Jean Bosco Mwenda wa ku Katanga, m'dziko la Congo, anatchuka nako atajambulidwa ndi Hugh Tracey, wofufuza nyimbo za mu Africa, mu 1952, ndipo ku Malawi anthu amakumbukira luso la Daniel Kachamba wa ku Chileka. M'kaimbidwe kameneka chala chachikulu chimayendetsa mawu apansi pamene chinacho chikuimba nyimbo pamwamba, ndipo munthu mmodzi amamveka ngati awiri. Wophunzira amene akufuna zimenezi, kapena amene akungofuna kutsogolera nyimbo kutchalitchi, musamuuze kuti njira yake ndi yolakwika chifukwa siili m'buku la ku Ulaya. Mufunseni tsiku loyamba nyimbo imene akufunitsitsa kuimba, ndipo pezani njira yoti aimbeko kachigawo kake mwezi usanathe, ngakhale mutachita kuifewetsa kuti ikhale ya makodi awiri.

Komanso khalani woona mtima pa malire anu. Ngati simuwerenga manoti a pa mizere isanu, auzeni makolo poyamba pomwe, ndipo yambani kuphunzira. Munthu amene amadziwa kale solofa wa m'kwaya savutika kwenikweni, chifukwa khutu lake limadziwa kale mtunda wa pakati pa mawu. Makolo ena, makamaka amene ana awo ali m'sukulu zotsata maphunziro a ku Britain, adzafunsa za mayeso a zoimba a mabungwe a ku Britain, ABRSM kapena Trinity College London, amene ali ndi magiredi 1 mpaka 8 ndipo ali ndi mndandanda wawo wa nyimbo ndi zoyeserera. Musalonjeze kukonzekeretsa mwana mayeso amenewa musanawerenge silabasi yake ndi kuiimba nokha. Ku Zomba komweko, ku University of Malawi, kumaphunzitsidwa za nyimbo, ndipo ku Lilongwe kuli Music Crossroads Academy, choncho anthu oti mungawafunse nzeru kapena kuwatumizira wophunzira amene wakupitirirani alipo. Za mavidiyo a pa YouTube musade nazo nkhawa. Ana adzawaonera ndithu, ndipo ndi bwino muziwasankhira oyenera, koma vidiyo siiona kuti phewa la mwana lakwera.

Tibwerere ku ndalama. Maola amene mphunzitsi wa ana angagulitse ndi ochepa, chifukwa ana amapezeka akaweruka kusukulu ndi Loweruka basi, ndipo pa tchuthi kapena mayeso akayandikira ambiri amayamba aima. Phunziro la gitala ndi limodzi mwa zinthu zoyamba zimene banja limadula zinthu zikathina, makamaka mwezi wolipira fizi. Choncho malangizo anga ndi akuti musasiye ntchito imene muli nayo panopa. Yambani ndi ana awiri kapena atatu kwa teremu imodzi, muone ngati mtima wanu ukupirira kumva kodi imodzimodziyo ikulakwika sabata ndi sabata, popeza alipo akatswiri enieni amene sapirira zimenezi ndipo si mlandu. Amene amakhalira ntchitoyi amaiphatikiza ndi zina, monga mmene Tárrega sankadalira thumba limodzi. Kwa inu zinazo zingakhale kuimba pa maukwati, kuphunzitsa pasukulu, kuphunzitsa akuluakulu m'mawa pamene ana ali m'kalasi, kukonza magitala ndi kugulitsa nsambo. Kuphunzitsa ana atatu kapena anayi a msinkhu umodzi pamodzi kumatsitsa mtengo kwa kholo lililonse pamene inu mukupeza zambiri pa ola, koma kumayenda bwino m'miyezi yoyamba yokha, chifukwa posakhalitsa wina amathamanga wina n'kutsalira.

Popeza makolowa ndi anzanu a mumpingo, nkhani ya malipiro ndi imene ingasokoneze ubale ngati simuikonza poyamba, chifukwa kukumbutsa ngongole munthu amene mumakhala naye benchi imodzi Lamlungu n'kovuta. Gwirizanani kuti azilipira mwezi wonse kumayambiriro, ndipo lembani papepala zimene zidzachitike mwana akajomba: ngati anena dzulo lake, phunziro lisunthidwe, ngati sanena, lawerengedwa. Inunso mukajomba mubweze ola limenelo. Ana muziwaphunzitsa pamalo oonekera, chitseko chili chotsegula kapena kholo lili pafupi, ndipo mukafuna kukonza kagwiridwe ka chala yambani mwaonetsa pa gitala yanu. Ngati n'kofunikadi kugwira dzanja la mwana, mupempheni kaye. Kumapeto kwa teremu itanani makolo kunyumba kapena m'holo ya tchalitchi kuti mwana aliyense aimbe nyimbo imodzi yathunthu, ngakhale yaifupi, ndipo mukatero mukambirane nawo za mtengo ndi masiku a teremu yotsatira tsiku lomwelo.